Nkhope Imene Kamera Inaloweza

Fanuel anayala makamera awiri pa thebulo la mu situdiyo yanga, n'kukakhala pa kampando kamene ndimakhazikapo anthu ofuna zithunzi za pasipoti. Fanuel ndi thiransipota, amatuta katundu wa anyamata a kwathu amene ali ku Joni: mafiriji, malata, njinga, nthawi zina ndi maliro omwe. Tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ndiye ngakhale pa Mzimba boma ponse amamutchula kuti bwana, kwa ine akadali Fanuel wa mamina uja. Ndinamutuma kamera imodzi, yanga itamwa mvula pa ukwati wina m'mwezi wa Malichi. Iye anabwera nazo ziwiri, zonse zogwirapo kale ntchito, kuti ndisankhe ndekha, yotsalayo akagulitse ku Mzuzu.

"Zonse ndi miralesi, NyaZiba, mulibe kagalasi kogubuduka kaja m'kati," anatero. "Kampani ndi imodzi, malenzi ako akwana konsekonse. Koma iyi ndi mayi, iyi ndi mwana."

Ndinayamba kunyamula mayiyo. Inali yolemerako, m'makona utoto utanyuka, ndipo ukadina inkalira kuti tchaka! monga kamera iyenera kulirira. Malo oti aoneke bwino pa chithunzi unkasankha wekha ndi chala chachikulu, momwe ndinazolowerera zaka zisanu ndi zinayi za ntchitoyi. Ukamaliza kujambula unkachita kuzula khadi, kukaika pa kompyuta, n'kumaona zithunzi chimodzichimodzi.

"Ine ndikanakhala iwe, mbwenu ndatenga yeneyiyo," Fanuel anatero. "Mwini shopu uja anati pa maukwati njokwana chomene, ndipo mabatire ake ndi atatu. Yatsopanoyi njodula, komanso ili ndi nzeru zambiri kuposa mwini wake."

"Ukunena kuti ndine chitsiru?"

"Yayi, ndikunena kuti ine yandipusitsa kale kawiri. Taona."

Anadzijambula yekha kumaso, nadina apa ndi apo, n'kundipatsa. Anati yaloweza nkhope yake, ndimulozetse. Kenako anatuluka n'kukalowa pakati pa anthu pa msewu wopita kumsika, pomwe panali a kabaza, amayi ogulitsa tomato ndi ana a sukulu. Pa sikirini panatuluka kabokosi kobiriwira, n'kukamata pa diso la Fanuel. Akalowera uku, kabokosi komweko. Atabisala kuseri kwa mayi wina wosenza mtolo wa nzimbe kanadikira, ndipo atangosuzumira kanamudumphiranso. Ndinadina, osamveka kanthu. Nditayang'ana, inali itajambula zithunzi khumi ndi zisanu mwakachetechete.

"Nanga anthu enawo?" ndinamufunsa atabwerera.

"Enawo zili kwa iwe. Ukatsekula lenzi mpaka kumapeto, amene yamulowezayo ndiye aoneke yekha, enawo utsi wokhawokha. Ndipo zithunzi zimalowa zokha mu foni, kompyuta suifunanso."

Ndisakunamizeni kuti pamenepo ndinaganizira za ntchito kapena za makasitomala. Atangoti utsi wokhawokha, ndinaona nkhope ya NyaHara, mkazi wachiwiri wa adada, ndipo ndinakumbukira kuti ukwati wa mlongo wanga Calvin watsala milungu itatu.

Kwathu kuno ng'ombe za malobolo zikalowa m'khola, ana ndi a kuchimuna, nkhani yatha. Adada, a Enos Ziba, atamuona NyaHara anapeza zifukwa zowabwezera amama kwawo ku Engutwini. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Calvin ziwiri. Amama anatuluka m'mudzi mwathu, kufupi ndi Embangweni, dzuwa lili paliwombo, beseni pamutu, anthu ali m'makonde kudikira kuti awaone akulira. Sanalire, ndipo sanatembenuke n'komwe. Mpaka lero azakhali akafuna kuwanyoza amati NyaSoko ndi wouma mtima, koma amanena motsitsa mawu.

Mwaona kuti NyaHara ndikumutchula ngati mwana mnzanga. Ndikuchitira dala. Sanatimane chakudya, sanatimenye kuposa ana ake, ndipo chimenecho chimandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndikamudandaula anthu amandifunsa kuti kodi anakulakwira chiyani. Chimene anachita ndi ichi. Pa khoma panali chithunzi cha tsiku la ubatizo wa Calvin, amama atamunyamula. Mlungu wake woyamba m'nyumba muja, NyaHara anachitsitsa, natenga sizasi, n'kuwadula amama bwinobwino mozungulira mwana, ngati akuchotsa chowola pa mbatata. Atatero anachibwezera mu fulemu. Panatsala khanda mu shawelo yoyera, ndi manja awiri opanda mwini atalifungatira. Ine ndinakula ndikuyang'ana manja amenewo tsiku ndi tsiku. Calvin anakula akudziwa kuti ndi a NyaHara, ndipo amamuitana kuti amama mpaka pano.

Ndiye komiti ya ukwati itakhala pansi inagamula kuti pa thebulo la ulemu, pa mpando wa mayi a mkwati, padzakhala NyaHara. Nsalu ya makolo anamusokera iyeyo. Amama anawatumizira khadi wamba, lija amapatsa aphunzitsi a Sande Sukulu. Ine anandipatsa ntchito yojambula, ati mwana wa pakhomo savuta.

"Ndatenga mwanayu," ndinamuuza Fanuel.

"Sunaiyese n'komwe pa kuwala kwa m'nyumba."

"Ndati ndatenga."

Anandiyang'anitsitsa, napukusa mutu. "Iwe Dyness ukamamwetulira choncho ndiye kuti kwinakwake kugwa zovuta." Anaikulunga yakale ija mu juzi n'kuibwezera m'chikwama chake.

Loweruka lotsatira ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Engutwini. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwaza fumbi m'maso, ndipo ndinafika nsidze zitafiira. Amama ndinawapeza pa mkeka kuseri kwa nyumba akutonola chimanga, zitsononkho zili mulu pambali.

"Mwatandala uli, amama?"

"Natandala makora, mwana wane. Fumbi lonseli wadzera chiyani?"

Ndinatulutsa kamera n'kuwauza kuti ayang'ane kwa ine. Anayamba akonza duku, nasasa mankhusu pa bulauzi, n'kutseka pakamwa mwamphamvu chifukwa dzino limodzi la kutsogolo linawasiya chaka chatha. Ndinadina, n'kuchita zonse zimene Fanuel anandionetsa. Kabokosi kobiriwira kanakhazikika pa diso lawo lakumanja.

"Kamerayi yakulowezani," ndinawauza. "Pa ukwati paja, kaya mubisale kuti, idzakupezani."

"Ine ndikupita kukaphika, Dyness. Ndikakhala kumbuyo ndi anzanga. Ndapota, usakayambitse nkhondo pa ukwati wa mwana."

"Nkhondo anayambitsa ndi ena, ndi sizasi."

"Zaka makumi awiri ndi zitatu zapita. Iwe ukadali pa sizasi pomwepo?"

"Ndikadali pomwepo."

Anapumira m'mwamba, nadzuka, n'kulowa m'nyumba. Anabwera ndi Baibulo lawo lachikuto chong'ambika, natulutsamo kachithunzi kakang'ono kothimbirira. Kanali ka Calvin ali Sitandade 8, kamene ndinawabera ine ndemwe pa fomu ya mayeso.

"Ichi ndiye ndili nacho," anatero. "Pano ali ndi ndevu. Akabwera kuchokera ku Joni amandionera m'galimoto ya anzake, injini ikulira, ndipo akangochoka nkhope yake imandithawa. Ngati ukufuna kundichitira chabwino, undijambule ndili naye, kamodzi kokha. Aoneke bwino, ndizimuona m'maso. Mbwenu basi."

"Chimenecho n'chaching'ono, amama. Ine ndikupatsani ukwati wonse."

"Sindinapemphe ukwati wonse."

Ndinamva bwinobwino, koma kumvera kunali kwina. Milungu iwiri yotsalayo ndinali munthu wosangalala kwambiri pa boma. Ndikamadya, ndikamasita nsalu ya kumbuyo kwa situdiyo, ndikamadikira magetsi, m'mutu mwanga ndinkatsekula alubamu ya ukwati uja tsamba ndi tsamba: amama ali gwa, akuoneka mpaka nsidze, NyaHara ali mbuu kutsogolo kwawo. Ndinkafuna alubamu imeneyo ifike ku Joni, ifike kwa azakhali, ifike kwa adzukulu amene sanabadwe. NyaHara anachita kufuna sizasi. Ine sindikanadetsa m'manja, ndipo aliyense wodandaula ndikanangomuuza kuti kamera njatsopano, sindinaizolowere.

Tsiku linafika. Ku tchalitchi zinthu zinayenda bwino mondinyansa. Amama anali ku mudzi pa mapoto, ndiye kamera itawasowa inkangotola nkhope iliyonse imene ili pafupi. Pa khomo la tchalitchi ndinajambula Calvin ndi mkazi wake Lusungu, Calvin ndi adada, Calvin ndi NyaHara atamukoleka dzanja paphewa, zonse zooneka bwino zedi. Ndinakukuta mano n'kudziuza kuti dzuwa likadalipo.

Madyerero anali pabwalo la kwa adada. Anakhoma tenti, thebulo la ulemu pansi pake, ndipo chakumbuyo cha kumanzere kunali chisakasa cha udzu chophikiramo, benchi ili patsogolo pake. NyaHara anakhala pa mpando uja atavala chipewa chachikasu chachikulu ngati lichero. Ndinazungulira bwalo lonse mpaka ndinapeza malo pafupi ndi sipika, pomwe ukayang'ana modutsa paphewa pa NyaHara umaona benchi ija. Amama anali pomwepo akupukuta mbale. Ndinatsekula lenzi mpaka kumapeto n'kukweza kamera. Kabokosi kobiriwira kanadumpha mkwatibwi, kanadumpha adada, kanadumpha chipewa chachikasu, n'kukatera pa diso la amama. Kunena zoona, sindinamvepo kukoma kotero chibadwire.

"Kodi ikujambula imeneyo?" adada anandikuwira. "Sitikuimva kulira."

"Ikujambula, adada. Mwetulirani."

Anamwetulira. NyaHara nayenso anamwetulira, napendeketsa chipewa, naika dzanja pachibwano kuti mphete ioneke. Anandimwetulira masana onse aja mpaka masaya kuwawa, ine ndikuvomereza ndi mutu kuti eya, choncho, zakhala bwino.

Woyendetsa mwambo anali mnyamata wa ku Kasungu, wapakamwa pokoma, amene komiti inachita kumuitanitsa. Za banja lathu sankadziwa kanthu. Nthawi ya perekaniperekani anaitana anzake a mkwati, anaitana a ku tchalitchi, anaitana akuchikazi, kenako anauza wa zoimbira kuti atsitse nyimbo.

"Tsopano," anatero, mawu akuchita kunjenjemera mu sipika, "tikufuna mayi! Mayi a mkwati! Mayi amene anasenza mnyamata uyu miyezi isanu ndi inayi, amene anamva kuwawa tsiku lija, aimirire dziko liwaone!"

Nthungululu zinang'amba tenti. NyaHara anadzuka, nakonza chipewa, n'kuyamba kudya wani pang'onopang'ono kulowera kwa Calvin, ndipo Calvin anamugwadira. Amayi onse a ku chisakasa anathamangira kutsogolo kukaonerera. Ine ndinapanikiza chala pa batani osachichotsa. Pa kasikirini kaja, dzuwa likuwalirapo, ndinangoona zinthu ziwiri: chipewa chachikasu chitasungunuka, ndi amama kumbuyo, okhaokha, ataimirira. Ndinati mumtima, eya amama, imani, auzeni!

Ndikanakhala ndi kamera yakale ija ndikanadikira mpaka Lolemba. Ndikanazula khadi, ndikanakhala pansi ndi tiyi, ndikanaona chithunzi chilichonse pa kompyuta mtima utazizira. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mwanayu, kamera yatsopano ija, zithunzi anali atazitumiza kale mu foni, zili ndandanda, ting'onoting'ono ngati masitampa, ndipo abale a ku Joni anali akulira kale pa gulu lathu la banja la pa Watsapu kuti zithunzi zili kuti. Ndinaima kuseri kwa sipika, n'kusankha mzere wonse wa nthawi ija, zithunzi khumi ndi ziwiri, osatsekula ngakhale chimodzi. Pansi pake ndinalemba kuti "Mayi a mkwati." Ndinatumiza, n'kuzimitsa foni kuti akandifuna andisowe.

Chakumadzulo galimoto yotenga akwati inayamba kuliza hutala. Apo m'pamene ndinakumbukira chimene amama anandipempha. Ndinamugwira Calvin jekete ali pafupi kukwera.

"Adumbu, galimoto ikudikira," anatero.

"Idikire. Amene anakubereka ali kuseriku."

Anayang'ana kwa adada, nayang'ana kwa ine, n'kunditsatira mofulumira. Amama anali atakhala pa mkeka kuseri kwa chisakasa. Calvin ndi mwana woleredwa bwino, zimenezo ndisamumane. Sanawayandikire ngati mnzake. Ananjuta chapatali pang'ono, chakutsogolo kwawo, manja atawaphatikiza.

"Yewo amama, mwabwera."

"Yewo, dada. Wakula."

Ndinawauza kuti onse ayang'ane kwa ine. Kabokosi kanawala, ndinadina. Hutala inaliranso, Calvin anadzuka akusasa fumbi pa thalauza, n'kuthamanga. Zonse sizinakwane ngakhale mphindi imodzi. Lolemba m'mawa iye ndi Lusungu anakwera galimoto ya Fanuel kubwerera ku Joni. Mapepala a Calvin ndi aja oti ukatuluka sudziwa ngati udzalowanso, ndiye kumudzi amabwera pakapita zaka zinayi kapena zisanu.

Lolemba lomwelo ndinatsekula situdiyo, n'kuyatsa foni ndikuimba kanyimbo. Mauthenga anali mazana. Azakhali analemba kuti ndichotse zithunzi zija msanga, ndipo ndinaseka ndekha kuti chawalowa. Kenako ndinaona kakanema. Mwana wina wa NyaHara amene ali ku Joni anatenga zithunzi zanga khumi ndi ziwiri zija, nazilumikiza kuti ziziyenda, n'kuikapo nyimbo. Pansi pake panali tinkhope toseka tambirimbiri.

Ndinaika khadi pa kompyuta, n'kutsekula zithunzizo pa sikirini yaikulu.

Kamera ija ntchito inagwira, ndisainamizire. Pa chithunzi choyamba amama ali pa benchi, mbale ili pamiyendo, mutu atautukula ngati munthu amene wamva dzina lake. Pa chachiwiri aika mbale pansi. Pa chachitatu ndi chachinayi akudzuka, dzanja likukonza duku. Pa chachisanu aimirira, ndipo akumwetulira pakamwa ponse, chibowo cha dzino chija chili poyera, kumwetulira kumene ine sindinakuonepo chiyambire ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Phazi limodzi laponda kale kutsogolo. Pa chachisanu ndi chimodzi maso awo apeza chipewa chachikasu. Zotsalazo ndi mawondo akupindika pang'onopang'ono, maso akuyang'ana uku ndi uku ngati wina waona, kenako nsonga ya chitenje ili pakamwa, ndi misozi iwiri yooneka bwino kwambiri moti ungathe kuiwerenga.

Pabwalo paja palibe anaona. Maso onse anali pa NyaHara, ndipo amama anatsala okha pa benchi. Thupi lawo linangodzuka lokha atamva za miyezi isanu ndi inayi, iwo n'kulikhazikanso pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndine ndinazitola, ndine ndinazitumiza kwa anthu makumi asanu ndi limodzi a kwa Ziba, ndipo tsopano amama ankadzuka n'kukhala, kudzuka n'kukhala, motsatira ng'oma, m'mafoni a ku Joni, a ku Mzuzu ndi a pa Embangweni. Ndinachita manyazi oti ndikanalowa pansi.

Kenako ndinatsekula chithunzi cha kuseri kwa chisakasa. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayesa zonse zimene kompyuta imatha, koma chimene lenzi sinagwire kompyuta siingachibweze.

Lachiwiri, ngati kuti zimenezo sizinakwane, NyaHara anatulukira pa situdiyo. Anabwera ku boma kudzagula feteleza. Ndinakonzeka kuti tsopano tikangane, ndipo mawu ndinali nawo okwana, osungidwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Iye anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chimodzi cha masana aja, chimene anafufutika pang'ono chabe.

"Ichi unditsukire chachikulu, mwana wane, cha pa khoma," anatero. "Taona khungu kusalala, makwinya onse palibe. Kamera yako njabwino chomene."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandinyogodola kapena ankanena zochokera pansi pa mtima. Ndinachitsuka, ndinachiika mu fulemu, ndipo anachinyamula pa chifuwa mpaka pa siteji.

Ku Engutwini ndinapita Lachinayi, envelopu ili m'chikwama. Kamera ndinaisiya ku boma. Amama anali pa mkeka womwe uja, chimanga chitatsala pang'ono kutha. Ndinapereka moni, anayankha osatukula mutu. Ndinakhala pansi.

"NyaMoyo wa kuseriku anabwera ndi foni ya mwana wake," anatero. "Anati bwera udzione, watchuka. Ndadziona."

"Amama, ine ndinkafuna kuti anthu adziwe kuti mayi ndinu."

"Alipo amene sankadziwa?"



"Tsiku lija ndikuchoka kwa Ziba," anapitiriza, chala chikutonolabe, "misozi inali apa pakhosi. Ndinaimeza mpaka ndinaoloka dambo, chifukwa ndinalumbira kuti anthu aja apereka ng'ombe, atenga ana, koma misozi yanga saiona. Chimenecho chokha ndiye ndinachoka nacho. Ndachisunga zaka zonsezi. Iwe wakawapatsa tsiku limodzi, ndi nyimbo yomwe."

Akuluakulu ankati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ndinkaudziwa mwambiwu kuyambira ku pulayimale, koma sindinkaganiza kuti mwanayo angakhale wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinapepesa. Ndinalira ndine, iwo ayi. Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha.

"Zapita zimenezo," anatero. Anapukuta manja pa chitenje, ndipo nkhope yawo inamasukako. "Nanga chija ndinakupempha wabwera nacho?"

Ndinatulutsa envelopu. Anailandira ndi manja awiri, natulutsa chithunzi mosamala, akuchigwira m'mphepete. Anachiyandikitsa kumaso. Anachitalikitsa. Anatembenukira kumene kunali dzuwa. Iwo anali pomwepo pa mkeka, ulusi uliwonse wa duku ukuoneka, maso ali phee. Chakutsogolo kwawo kunali chinthu chakuda chonjuta, chokhala ndi kolala yoyera, nkhope yake ili mbuu, popanda diso, popanda ndevu. Anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta pamenepo pang'onopang'ono. Anauzirapo mpweya, napukutanso.

"Maso anga atha nadi," anatero. "Ine ndikudziona makora, koma mwanayu sindikumuona. Udzanditengere ku chipatala akandipime."

"Si maso anu, amama. Chili choncho chithunzicho. Ndinaiuza kamera kuti izikuonani inu nokha, ena onse isawaone. Ndinkafuna NyaHara. Calvin atabwera sindinaisinthe."

Anandiyang'ana, nayang'ananso chithunzi.

"Koma ndingathe kukonza," ndinafulumira kunena. "Zilipo za ku tchalitchi, akuoneka bwino kwambiri. Ndingamudule pa chimodzi n'kumumata apa pa kompyuta, palibe angadziwe."

"Pa chimene wayang'ana bwinocho ali ndi ndani?"

Sindinafune kunena, koma anadikira. "Ndi NyaHara."

"Ndiye ukamudule pamenepo." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Yayi, Dyness. Zodula zakwana. Mnzangayo ndi sizasi yake anachotsa ine, koma mwana anamusiya akuoneka."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi Baibulo. Anaika chithunzi changacho pakati pa masamba, ndipo pamwamba pake, pomwe panayenera kukhala nkhope, anasanjikapo kachithunzi ka Sitandade 8 kaja. Anatseka, nakhalanso pa mkeka, n'kutola chimanga china. Nanenso ndinatola chimodzi kuti ndiwathandize, koma dengu sanalisunthire kwa ine.